Kachitsulo ka pakhadi sikatchinjiriza wagolosale wa pa Khonjeni

Mwezi ukatha, ndalama za m'minda ya tiyi ya ku Thyolo zimatsikira pa Khonjeni, ndipo wagolosale amene ali ndi makina olipirira ndi khadi la kubanki amadziona wotetezeka. Makinawo akalavula lisiti, iye amati malonda atha. Chikhulupiriro chimenechi n'choopsa, chifukwa kachitsulo konyezimira ka pakhadi, kamene amati chip, kali ndi malire pa zimene kangateteze.

Njirayi imatchedwa EMV, kuchokera ku mayina a Europay, Mastercard ndi Visa. Ubwino wake ndi woti pa malonda aliwonse kachitsuloka kamapanga nambala yatsopano imene singagwirenso ntchito kawiri, choncho kukopera khadi kumavuta, kusiyana ndi kale pamene zonse zinkasungidwa pa mzere wakuda wa kuseri. Koma ntchito yake yaikulu ndi kutsimikiza kuti khadilo ndi lenileni. Sikadziwa ngati wagwira khadiyo walipeza moona, kapena ngati fetereza wagulidwayo wafikadi kwa mwini wake. Ngakhale pa nambala yachinsinsi panapezeka mpata: mu 2010 Ross Anderson ndi anzake a ku yunivesite ya Cambridge anaonetsa kuti makina atha kunamizidwa kuti nambala yolondola yalembedwa.

Pamene pagona nkhani ndi pa kubweza ndalama. Malamulo a Visa ndi Mastercard amalola mwini khadi kukadandaula ku banki yake kuti katundu sanalandire, kapena kuti anadulidwa kawiri, ndipo pa madandaulo ambiri amakhala ndi masiku 120. Banki ikamva, ndalama zimachotsedwa kwa wamalonda, yemwe ayenera kubweretsa umboni. Lamuloli ndi labwino, chifukwa limateteza wothyola tiyi amene waberedwa malipiro ake. Koma limatsegulanso khomo kwa kathyali amene wadya kale shuga n'kumakana kuti sanagule. Sitolo yaikulu ya ku Limbe ili ndi alembi osunga mapepala. Wagolosale wa pa Khonjeni ali ndi kalisiti kamene inki yake imafufutika kakakhalitsa m'thumba, ndipo mpamba wake sungapirire kutaya matumba angapo a fetereza. Zimaipiratu wogula akangotchula manambala a khadi pafoni kuti katundu adzatenga mnyamata, popeza pamenepo kachitsulo sikanagwire ntchito konse, ndipo kawirikawiri chitayiko chimagwera wogulitsa. Ku Britain, makhadi a kachitsulo atakhazikika mu 2006, kuba kwa m'masitolo kunachepa koma kwa pa intaneti ndi pafoni kunakwera.

Wina anganene kuti izi ndi za m'tauni, pakuti pa Khonjeni anthu amadalira Airtel Money ndi TNM Mpamba. N'zoona, koma kumeneko ndiye kukuonetsa poyera mfundo yomweyi. Wakuba akapeza kuti makina ndi olimba, amatembenukira kwa munthu. Amatumiza uthenga wabodza wooneka ngati ndalama zalowa, kapena kuimba foni akudzitcha wa kubanki n'kupempha nambala yachinsinsi. Kulembetsa manambala a foni kumene MACRA inalamula mu 2018 sikunathetse mchitidwewu.

Dziko lino lili ndi lamulo la kalipiridwe la 2016, ndipo makina a mabanki analumikizidwa kudzera mu Natswitch mu 2015. Chikusowa ndi chilungamo pofotokoza. Banki imene ikupereka makina kwa wamalonda wa kumudzi imuuze m'Chichewa, asanasayine, kuti ndalama zolowa lero zitha kutuluka patapita miyezi, ndi umboni umene adzafunsidwe. Reserve Bank of Malawi iumirize zimenezi. Pakadali pano wagolosale akane khadi limene sakuliona ndi maso, ajambule lisiti lililonse pafoni, ndipo wotenga katundu wochuluka azisayina m'kope.