Ulendo wa ku Nkhotakota: bwanji mchenga umawotcha pomwe madzi akuzizira?

Ana a sukulu a kuno ku Kasungu mukamva za ulendo wa kunyanja, maganizo amathamangira kusambira ndi chambo chootcha. Palibe cholakwika. Koma ine monga mphunzitsi wa fizikisi, ndimati msewu wa M18, wochoka pa Kasungu kukafika ku Nkhotakota, ndi phunziro lathunthu la kutentha, ndipo gawo lina la phunziroli likhoza kupulumutsa moyo wanu.

Tiyambe ndi msewu womwewo. Minda yathu ya fodyayi ili pamtunda wopitirira mamita 1,000 kuchokera pamlingo wa nyanja zamchere, pomwe nyanja ya Malawi ili pa mamita pafupifupi 475. Mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6.5 pa mamita 1,000 aliwonse amene mwakwera. Ndiye mukamatsika, werengerani nokha: madigiri atatu kapena anayi awonjezekera. N'chifukwa chake juzi imene munavala m'mawa mumaivula musanaione n'komwe nyanjayo.

Msewuwu umadutsa m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota, yaikulu pafupifupi masikweya kilomita 1,800. Bungwe la African Parks linayamba kuiyang'anira mu 2015, ndipo mu 2016 ndi 2017 linasamutsirako njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete. Mukachita mwayi n'kuiona njovu, muyang'ane makutu. Thupi lalikulu chonchija limavutika kutaya kutentha, ndipo njovu situluka thukuta ngati ife. M'makutu mwake muli mitsempha yambiri ya magazi, ndiye ikamawakupiza, mphepo imachotsa kutentha m'magaziwo asanabwerere m'thupi. Ikadzipaka matope, madzi a m'matopewo amauma pang'onopang'ono n'kumatenga kutentha pakhungu. Ndi mmenenso mtsuko wadothi umaziziritsira madzi akumwa kwa agogo.

Tsopano tafika pagombe, nthawi ili cha m'ma 1 koloko masana. Mwavula nsapato, mchenga ukuwotcha moti mukudumphadumpha, koma kungoponda m'madzi, kuzizira bwinobwino. Dzuwa ndi lomweli, eti? Nanga kusiyanaku kwachokera pati?

Yankho lake ndi chija timachitcha specific heat capacity m'kalasi. Kuti kilogalamu imodzi ya madzi itenthe ndi digiri imodzi, pamafunika majoule pafupifupi 4,200. Mchenga wouma umangofuna pafupifupi 800. Choncho mphamvu imene yakweza madzi ndi digiri imodzi yokha, mchenga imaukweza ndi madigiri asanu. Kuwonjezera apo, pamchenga dzuwa limathera pamwamba pokha, pomwe m'nyanja kuwala kumalowa pansi ndipo madzi amasakanikirana, kutenthako n'kugawanika. Usiku zimatembenuka: mchenga umazizira msanga, madzi amakhala ofunda. Mvuu ikamakhala m'madzi tsiku lonse n'kumatuluka usiku kukadya msipu, ikugwiritsa ntchito lamulo lomweli.

Kusiyana kumeneku n'kumene kumabweretsa kamphepo ka pagombe. Amene munalowapo m'balani lowotchera fodya mukudziwa kuti mpweya wotentha umathamangira kudenga, chifukwa ndi wopepuka. Masana mpweya wa pamtunda umatentha n'kukwera, ndipo wozizira wa panyanja umabwera kudzatenga malo ake. Usiku mtunda ukazizira, kamphepo kamachoka kumtunda kulowera kunyanja. Imeneyo ndiye convection, yomwe ija mumajambula ndi timivi m'makope mwanu.

Koma musasokoneze kamphepo aka ndi mwera. Mwera ndi mphepo yamphamvu yochokera kummwera chakum'mawa, imene imawomba kwambiri m'miyezi yozizira, makamaka kuyambira Juni mpaka Ogasiti. Nyanja yathu ndi yaitali makilomita oposa 550, ndipo inagona kuchokera kummwera kupita kumpoto. Ndiye kuti mwera umayenda mtunda wautali pamwamba pa madzi popanda phiri kapena mtengo woutchinga, uku ukupereka mphamvu yake kumadziwo. Mtunda ukatalika, mafunde amakulirakulira. Bwato limene m'mawa limayenda mwakachetechete likhoza kugubuduzika masana ake, ndipo asodzi odziwa nyanja kuposa inu ndi ine akhala akutaya miyoyo mwanjira imeneyi.

Apa ndiye ndikunenetsa. Nthambi yoona zanyengo ikalengeza pawailesi kuti kukhala mwera, musakwere bwato, ngakhale mwini wake atakutsitsirani mtengo. Osasambira pafupi ndi mabango kapena pamene mtsinje, monga Bua, ukuthira m'nyanja, chifukwa ng'ona zimakonda malo otero. Funsani anthu a m'deralo musanalowe m'madzi. Safuna buku kuti adziwe kumene mphepo ikuchokera.

Amene simungakwanitse ulendowu chaka chino, musadandaule. Tengani mbale ziwiri zofanana, ina muthiremo mchenga wouma, ina madzi olemera chimodzimodzi. Ziikeni padzuwa kwa ola limodzi, muyeze kutentha kwake ndi thermometer ya kusukulu kapena ndi chala chomwechi. Kenako zilowetseni pamthunzi, muyezenso pakatha mphindi 30. Mulembe zimene mwapeza, ndipo mufotokoze m'mawu anuanu kuti pa mbale ziwirizo, kamphepo kakanachokera kuti kulowera kuti.