Pamene Kusamba M'manja Kwasanduka Nthenda

M'mwezi wa Febuluwale kwa Lukwa, m'boma la Kasungu, munthu amene wachokera kothyola fodya amadziwika ndi zala zake zodetsedwa ndi utomoni. Asanakhale pansi kuti adye nsima ayenera kusamba ndi sopo, ndipo kusamba kumeneku nkwanzeru. Fodya wonyowa ndi mame amalowetsa nikotini m'thupi kudzera pakhungu, kotero kuti munthu amamva chizungulire, mutu ndi nseru. Nawonso mankhwala opopera ku nazale ndi poizoni weniweni. Sitinaiwalenso kolera imene inayamba mu Malichi 2022 ndi kupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, kapena Covid-19 imene inatifika mu Epulo 2020.

Koma alipo abale athu ena amene kusamba kwawo kulibe mathero.

Tiyerekeze mayi wina amene walandira ndalama ya pepala pamsika. Mumtima mwake mwabwera ganizo lakuti ndalamayo inagwidwa ndi wodwala, ndipo iye akapatsira khanda lake. Asamba. Atatha, akayika ngati sopo anafika pakati pa zala, nayambiranso. Kenaka akumbukira kuti anagwira chitseko asanasambe, tsono nacho chitseko chitsukidwe. Pofika masana ndowa zonse zimene zinatungidwa kumjigo zatha, sopo wa mlungu wathunthu wasungunuka, khungu la manja lang'aluka, ndipo pamoto palibe mphika. Kumaliro sapereka moni wa m'manja. Ena ayamba kunena kuti ndi wonyada, ena akuti anachita kumulodza.

Si kunyada ayi, ndiponso si ufiti. Iyi ndi nthenda ya maganizo imene madokotala amaitcha OCD. Imagwira munthu mmodzi kapena awiri mwa anthu 100 alionse, amuna ndi akazi omwe. Kawirikawiri imayamba paunyamata, ndipo mwa amayi ena imayamba kapena kukula ali ndi pakati kapena atangochira kumene. Odwala ambiri amadziwa okha kuti mantha awo apitirira muyeso, ndipo manyazi amawachititsa kubisa vutoli zaka ndi zaka.

Nanga bwanji munthu sangosiya? Nthendayi ili ngati mphere. Ukakanda umamva bwino kanthawi, koma kuyabwa kumabweranso kolimba. Ganizo loopsa likabwera, mtima umagunda. Munthu akasamba, mtima umakhala pansi. Motero ubongo umaphunzira bodza lakuti kusambako ndiko kwapulumutsa mwana, ndipo mawa udzafuna kusamba kochuluka kuposa lero.

Chithandizo chake chimadabwitsa ambiri akachimva koyamba. M'chaka cha 1966, katswiri wina wa za maganizo ku London, dzina lake Victor Meyer, anathandiza odwala powalola kugwira zinthu zimene ankaziopa, koma osawalola kukasamba. Odwalawo anapeza bwino, ndipo njira imeneyi ndiyo imene madokotala amaidalira mpaka lero.

Sichichitika mwachiwawa kapena tsiku limodzi. Wodwala ndi wachipatala amakhala pansi ndi kulemba zinthu zoopedwazo, kuyambira chaching'ono kufikira chachikulu: mpini wa khasu la mnzake, chogwirira cha mjigo, ndalama, moni wa m'manja. Amayamba ndi chapansi. Mayi uja agwire mpiniwo, kenaka akhale pamkeka manja ali pamiyendo, osasamba, osapukuta pachitenje. Mantha amakwera ndithu, thukuta nkutuluka. Koma akapirira, manthawo amatsika okha, ndipo munthu amaona ndi maso ake kuti angathe kukhala nawo osagonja. Abwereze tsiku ndi tsiku mpaka mpiniwo ukhale mpini chabe, ndipo pamenepo akwere pa chinthu chotsatira. Pamafunika milungu ingapo, mwinanso miyezi. Masiku ena adzalephera nathamangira ku beseni. Kumeneko si kutha kwa chithandizo, mawa ayambire pamene analekera.

Dziwani kuti palibe wachipatala amene angauze munthu kugwira mankhwala a fodya kapena chimbudzi cha wodwala kolera osasamba. Lamulo la ukhondo silisintha: kusamba ndi sopo ndi madzi othira pochokera kuchimbudzi, mutasintha mwana thewera, musanakonze chakudya, musanadye kapena kudyetsa mwana, ndiponso mutagwira fodya kapena mankhwala. Kamodzi, kwa masekondi 20. Wodwala OCD amaphunzira kulekera pamenepo, monga achitira anansi ake.

Apabanja ali ndi gawo lovuta. Chifukwa cha chifundo, mwamuna amagula sopo wowonjezera, ana amatumidwa kumjigo kasanu, ndipo mayi akafunsa kuti, "Kodi manjawa ayera?" onse amayankha kuti, "Inde, ayera." Yankho limeneli limagwira ntchito ngati kusamba komwe: limatonthoza kanthawi ndi kudyetsa nthendayo. Nkwabwino kupangana ndi wodwalayo mtima uli m'malo, kuti akadzafunsa mudzati, "Mayi, tinagwirizana kuti funso limeneli sitiziyankha, koma ndikhala nanu pompano." Kumukalipira, kumuseka kapena kumubisira madzi mwadzidzidzi kumangokuza mantha.

Aliponso mankhwala, monga fluoxetine, amene dokotala angapereke. Sagwira ntchito msanga ngati mankhwala a malungo. Pangapite milungu 8 mpaka 12 munthu asanaone kusintha kwenikweni, ndipo ambiri amataya mtima nasiyira panjira. Musasiye kumwa popanda kufunsa amene anakupatsani, ndipo ngati muli ndi pakati kapena mukuyamwitsa, nenani.

Ngati kusamba kapena kutsuka kukukudyerani ola lathunthu kapena kupitirira tsiku lililonse, kapena kukukulepheretsani ntchito ya kumunda ndi kucheza ndi anzanu, uzani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kapena achipatala chimene muli nacho pafupi. Iwo angakutumizeni kwa oona za matenda a maganizo pachipatala chachikulu cha Kasungu, ndipo pakafunika thandizo loposa, kuli chipatala cha St John of God ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, ndi chipatala cha boma cha ku Zomba. Munthu amene wayamba kuganiza zodzipha chifukwa cha kutopa ndi nthendayi apite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Mukafika, musangoonetsa manja ong'alukawo nkulandira mafuta odzola. Nenani kuti mumasamba kangati patsiku, ndi ganizo limene limakutumani kukasambako.