MINDA YA ANTHU A KU KABUSHI IRI PAKATI PA MAPULOTI NDI NTHAKA YOTOPA

NDOLA. Ngakhale kuti Kabushi ndi komboni ya m'kati mwa mzinda, kumene anthu amayesa kuti moyo ndi wa malipiro a pamwezi ndi malonda a pamsika basi, mabanja ambiri a kumeneko amadya nsima ya cimanga cimene alima okha. Mvula ikangoyamba mu Novembala, amai ndi abambo a ku Kabushi, Masala ndi Lubuto amalawirira m'mamawa makasu ali paphewa, ena pa njinga, kulunjika ku timinda tao ta m'mbali mwa mtsinje wa Kafubu, m'madambo, kapena ku minda yobwereka ya ca ku Masaiti. M'cilimwe madimba a repu, tomato ndi anyezi ndiwo amadzaza mabenchi a pamsika wa Masala.

Koma alimi amenewa, amene sawerengedwa kawirikawiri pamene akulu-akulu akukamba za ulimi wa dziko lino, ali ndi mabvuto atatu amene awapanikiza nthawi imodzi: malo olimapo akucepa, nthaka imene yatsala yatopa, ndipo thandizo la Boma siliwafika onse.

KHASU LINABWERA NDI KUTHA KWA NCHITO

Ulimi wa m'tauni sunayambe cifukwa cokonda khasu ai. Pamene mtengo wa mkuwa unagwa pakati pa zaka za m'ma 1970, ndalama za Boma zinayamba kucepa, ndipo kucepako kunafika mpaka m'mbale ya nsima. Mu Disembala 1986, Boma litacotsa thandizo pa mtengo wa ufa woyera wa bulekifasi, mtengo unakwera koposa kawiri, ndipo anthu a ku Kitwe, Ndola ndi matauni ena a Kumigodi anacita cipolowe cimene cinaphetsa anthu 15. Mtsogoleri wa dziko wa nthawi imeneyo, a Kenneth Kaunda, anabweza mtengo wakale. Kenaka m'zaka za m'ma 1990 mafakitale ambiri a mu Ndola anatsekedwa, ndipo migodi ya ZCCM itatha kugulitsidwa mu 2000, anthu zikwi zambiri anali atacotsedwa nchito. Munthu amene anazolowera kugula thumba la ufa pa malipiro anaona kuti cotsala ndi kufuna kamunda.

Makhonsolo sanawalandire bwino alimi atsopanowa. Kwa zaka zambiri m'matauni a dziko lino cimanga ca m'mbali mwa miseu cinali kusengedwa ndi zikwanje za anchito a khonsolo, ponena kuti cimasunga udzudzu ndi kubisa akuba. Masiku ano cimene cimatha minda si cikwanje koma puloti. Kamunda kamene mai walima zaka khumi kangathe kuikidwa zikhomo mwezi umodzi, ndipo mwezi wotsatira pafika mcenga ndi njerwa. Iye alibe ponena, pakuti alibe cikalata ciri conse cosonyeza kuti malowo ndi ake.

Pa nkhani ya malo, malamulo asinthapo kawiri. Mu 1975, a Kaunda atalankhula mau ao ochuka a pa 30 Juni, Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo lothetsa umwini wa malo wamuyaya. Malo onse anakhala m'manja mwa Mtsogoleri wa dziko m'malo mwa anthu, ndipo nthaka yopanda citukuko inaletsedwa kugulitsidwa. Lamulo la malo la 1995 linabwezera nthaka mtengo wake, ndiponso linalola kuti malo a mafumu asandutsidwe a cikalata ca zaka 99, mfumu ndi khonsolo zikabvomera. Amene apindula kwambiri ndi lamuloli ndi aja ali ndi ndalama zolipira woyeza malo ndi zoyendera m'maofesi. Mlimi wa ku Kabushi wobwereka munda m'dziko la Alamba, kwa a Mfumu Chiwala kapena kwa a Mfumu Mushili, amalima mwa cilolezo ca pakamwa, ndipo munthu wolima mwa cilolezo ca pakamwa sabzala mtengo kapena kuthira laimu, pakuti sadziwa ngati caka camawa mundawo udzakhala wake. Apa ndi pamene nkhani ya malo ikumana ndi nkhani yosamala nthaka.

NTHAKA YOWAWASA PAMWAMBA PA MIYALA YA LAIMU

Cigawo ca Copperbelt ciri m'dera la mvula yambiri, yoposa mamilimita 1,000 pa caka. Mvula yotere imatsuka cakudya ca m'nthaka ndi kucitsitsira pansi kumene mizu ya cimanga sifika, ndipo nthaka imatsala yofiira ndi yowawasa. Makolo a Cilamba anali kulidziwa bvuto limeneli. Anali kudula mitengo ndi kuocha nthambi kuti phulusa licepetse kuwawasako, ndipo munda ukatopa anali kuusiya kuti chire limere kwa zaka zambiri. Njira imeneyo inali kuyenda bwino pamene anthu anali ocepa ndi thengo liri lalikulu. Lero thengo la pafupi ndi Ndola lapita ndi makala, ndipo palibe amene angagoneke munda ngakhale caka cimodzi.

Fataleza wa pamwamba, makamaka yuliya, akathiridwa caka ndi caka popanda laimu kapena manyowa, amaonjezera kuwawasa kwa nthaka. Ndico cifukwa cake alimi ambiri amadandaula kuti thumba limene kale linali kupatsa nkhokwe tsopano silioneka nchito yake. Codabwitsa ndi cakuti mankhwala a matenda amenewa ali pansi pa mzinda womwewo. Miyala ya laimu yakhala ikukumbidwa mu Ndola kuyambira m'zaka za m'ma 1930, ndipo yakhala ikupita kumigodi ndi ku mafakitale a simenti, kufikira ndi fakitale ya Dangote imene inatsegulidwa ku Masaiti mu 2015. Koma pa zipangizo zimene mlimi wamng'ono wakhala akulandira kwa Boma, cacikulu nthawi zonse cakhala fataleza ndi mbeu ya cimanga, pamene laimu wakhala ngati mlendo.

MABUNGWE A NKHONGOLE ANABWERA NDI KUPITA

Boma silinakhale manja lende pa nkhani yothandiza alimi. Dziko litangolandira ufulu panali bungwe la Credit Organisation of Zambia, limene linagwa cifukwa nkhongole zambiri sizinabwezedwe, ndipo mu 1970 m'malo mwake munalowa Agricultural Finance Company. Bungwe la Namboard linali kugula cimanga ndi kugulitsa fataleza kuyambira mu 1969 kufikira litathetsedwa mu 1989. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1980 kunabwera ndondomeko ya Lima, imene inaphunzitsa mlimi kuyeza munda wa mamita 50 m'litali ndi 50 m'lifupi, ndiye gawo limodzi mwa magawo anai a hekitala, ndi kuusamala bwino m'malo mothamangira munda waukulu umene sangathe kupalira. Nzeru imeneyo ikali yoyenera kwa munthu wa m'tauni kufikira lero. Banki ya Lima, imene inatsegulidwa mu 1987, nayonso inatsekedwa mu 1997.

Mu 2002 Boma linayambitsa ndondomeko yogulitsa fataleza pa mtengo wotsika, imene mu 2009 inapatsidwa dzina la FISP. Mu nyengo ya 2015/2016 anayamba kuyesa makadi a e-voucher m'maboma 13, kuti mlimi azisankha yekha cimene afuna kwa wogulitsa, kaya ndi mbeu ya nyemba, laimu kapena mankhwala. M'zaka zotsatira alimi olandira thandizoli anafika pa miliyoni imodzi ndi kuposerapo pang'ono, aliyense akulipirako K400. Koma kuti munthu alowe m'kaundula ayenera kukhala m'kopaletivu kapena m'gulu la alimi lolembetsedwa, ndi kudziwika kwa mlangizi wa zaulimi wa dera limene muli munda wake. Wokhala ku Kabushi amene munda wake uli ku Masaiti amagwa pakati: kumene agona kulibe munda, kumene kuli munda samudziwa.

ULIMI WOSAMALA NTHAKA

Mu 1996 bungwe la alimi la Zambia National Farmers' Union linakhazikitsa nthambi yochedwa Conservation Farming Unit, imene inafalitsa njira yolima popanda kutembenuza nthaka yonse. Mlimi wa khasu amakumba maenje m'cilimwe, lililonse lotalika pafupi-fupi masentimita 30, lotambalala 15 ndi lozama 20, motalikirana masentimita 70 mumzere ndi 90 pakati pa mizere. Maenjewo ndi okhalitsa. Caka ciri conse amabzala momwemo, ndipo laimu, manyowa ndi fataleza zimathiridwa m'dzenje momwe muli mbeu, osati kumwazidwa munda wonse. Mapesi saochedwa koma amasiyidwa kuti aphimbe nthaka, ndipo cimanga cimasinthana ndi nshawa, nyemba kapena soya. Wa ng'ombe amang'amba mzere ndi cikhasu ca Magoye m'malo mwa pulawo. Ubwino wake waukulu ndi wakuti nchito yolemetsa imatha mvula isanagwe, ndipo mlimi amabzala ndi mvula yoyamba. Kuyambira mu 2013 kufikira mu 2017 bungwe la FAO, ndi ndalama za maiko a European Union, linathandiza Unduna wa Zaulimi kufalitsa njira imeneyi m'maboma ambiri.

Komabe tisanamize owerenga kuti njirayi ndi yopanda bvuto. Maenje anakonzedwa makamaka poganizira madera a mvula yocepa monga Kum'mwera, Pakati ndi Kum'mawa, kumene colinga ndi kugwira madzi. Kuno Kumigodi, m'munda wa kufupi ndi dambo, dzenje lingathe kudzaza madzi ndi kuoletsa mbeu, ndipo maudzu amamera mwamphamvu m'munda wosagaula. Mlimi wa kuno ayenera kutengapo zimene zimuyenera: kusaocha mapesi, kusinthanitsa mbeu, kuthira laimu pamalo pobzala, ndi kusiya udzu ndi mabango m'mphepete mwa Kafubu kuti dothi lisakokolokere mumtsinje umene anthu ambiri a mumzinda amamwa.

ZAKA ZIWIRI ZA MAYESO

Caka ca 2024 cinaonetsa kuti ngakhale dziko la mvula lingathe kuuma. Pa 29 Febuluwale Mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse, mahekitala pafupi-fupi miliyoni imodzi a cimanga ataonongeka pa mahekitala 2.2 miliyoni amene anabzalidwa. Madzi atacepa ku Kariba magetsi anayamba kuzima maola ambiri, ndipo mabanja a m'tauni anathamangira makala, kotero kuti cilala cinadyanso mitengo.

Pa 18 Febuluwale 2025 damu la zonyansa za mgodi wa Sino-Metals Leach Zambia ku Chambishi linagumuka, ndipo madzi a asidi okwana malita ngati 50 miliyoni, monga mwa ciwerengero coyamba, anatsikira mumtsinje wa Mwambashi ndi kulowa mu Kafue. Nsomba zinafa, minda ya cimanga ndi nshawa ya m'mbali mwa madziwo inapserera, ndipo mzinda wa Kitwe unatsekeredwa madzi kwa masiku. Asilikali a ndege anacita kuthira laimu mumtsinje kuti acepetse ululu wa asidiyo. Bungwe loona za cilengedwe la ZEMA, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2011, liri ndi mphamvu yolanga oononga, koma cipepeso cimabvuta kufika kwa mlimi amene dzina lake silinalembedwe pena pali ponse.

Khomo limodzi limene latseguka ndi thumba la citukuko ca m'madera a aphungu, la CDF, limene mu 2022 linakwera kucokera pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera liri lonse, ndipo linakwezedwanso m'zaka zotsatira. Gawo lina la ndalamazi limaperekedwa kwa makopaletivu ndi magulu a amai ndi acinyamata ngati mphatso kapena nkhongole, ndipo Kabushi, pokhala dera la phungu palokha, liri ndi thumba lake. Mapempho amayambira ku komiti ya citukuko ya wodi. Gulu la alimi a madimba lolembetsedwa lingathe kupemphako pampu, mapaipi kapena matumba a laimu, ndipo gulu lomwelo ndilo lingathe kupita kukhonsolo ya Ndola kukapempha kuti madambo a m'mbali mwa Kafubu alembedwe m'mapulani a mzinda ngati malo osamangapo nyumba, monga lamulo la mapulani a matauni la 2015 lipatsa makhonsolo mphamvu yotero. Laimu amafuna kulowa m'nthaka mvula isanayambe, kotero pempho la gulu liyenera kufika ku komiti miyezi ingapo Okutobala asanakwane.