Ndiwo za ku Swansea ndi mipope ya ku Sellafield

Pagombe la Cumbria, kumpoto chakumadzulo kwa England, pali malo otchedwa Sellafield, amene kale ankadziwika ndi dzina lakuti Windscale, kumene kuyambira mu 1952 kufikira mu 2022 anthu ankasungunula ndodo za yureniyamu zochokera m'ng'anjo za nyukiliya kuti atapemo plutonium. Ndipo popeza ntchito yotere imasiya madzi ochuluka odetsedwa ndi tizidutswa totulutsa cheza choopsa, eni ake anayala mipope yotalika makilomita oposa 2 pansi pa nyanja ya Irish Sea, nayamba kutayira madziwo m'menemo. Iwo anati nyanja ndi yaikulu, idzameza zonse. Inamezadi zambiri, koma akulu anati madzi saiwala khwawa, ndipo zina mwa zimene zinatayidwazo zinapeza njira yobwerera kumtunda, kufikira zinalowa m'mbale za anthu.

Njira yoyamba inali yodabwitsa, pakuti amene anakumana ndi chezacho koposa onse sanali anansi a fakitaleyo ayi, koma anthu a kumwera kwa Wales, kutali ndithu. Pamiyala ya m'gombe la Cumbria pamamera ndere zopyapyala zofiirira zimene anthu ankazikolola madzi akaphwera, nazitumiza pa sitima ya pamtunda kwa ophika a cha ku Swansea. Kumeneko ankazitsuka kuchotsa mchenga, naziwiritsa maola ambiri mpaka zitasanduka phala lakuda lonanda ngati therere, limene eni ake amalitcha laverbread, ndipo amalikazinga m'mafuta a nkhumba ndi kulidya m'mawa. Ndere zimenezi zili ndi khalidwe lokoka ruthenium-106 m'madzi ndi kumusunga, kotero kuti kanthu kamene m'nyanja kanali kochepetsetsa kanadzaunjikana m'ndiwo, ndi kukatulutsira cheza chake m'matumbo a wakudyayo.

Apa mpamene akatswiri a boma anachita chinthu chanzeru chimene, m'kuona kwanga, chiyenera kutamandidwa kuposa makina onse a pamalopo. M'malo mogawa chezacho mofanana pa mutu wa munthu aliyense wa m'dzikomo, kumene kukanabisa choonadi, iwo anayendayenda kufunsa kuti ndani amadya laverbread wambiri tsiku ndi tsiku, nawerengera muyeso wa zotayidwa poyang'ana kagulu kakang'ono ka anthu okonda ndiwoyo kopambanawo. Pakuti ngati wakudya kwambiri watetezedwa, wolawa chabe sangakhale pangozi. Muyeso wa cheza cholowa m'thupi umatchedwa millisievert, ndipo lamulo la masiku ano ku Britain sililola kuti munthu wamba alandire woposa 1 pachaka kuchokera ku ntchito zotere, pamene miyala, mpweya ndi chakudya cha chilengedwe zimampatsa kale woposa 2.

Kukolola ndere kunaleka kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970, koma nthawi yomweyo caesium-137 anachuluka m'mipope, nafika pachimake cha m'ma 1975, ndipo maso anatembenukira kwa asodzi ndi mabanja awo, akudya nsomba, nkhanu ndi nkhono za m'gombelo. Mu Novembala 1983 zinyalala zina zinakankhidwira kumtunda, anthu nachenjezedwa kuti asayende pamchengapo kwa miyezi ingapo. Makina osefa madzi a 1985 ndi a 1994 anachepetsa zotayidwa kwambiri; koma pamene madzi akale osungidwa anayamba kudutsa m'makina achiwiriwo, amene sankagwira technetium-99, chinthu chimenechi chinawonekera m'nkhanu zazikulu za m'Irish Sea, ndipo patapita zaka zochepa mafunde anachifikitsa ku ndere za ku Norway. Amati choipa chitsata mwini, koma ichi chinatsata eni dziko lina, ndipo Norway ndi Ireland anadandaula kolimba mpaka mu 2004 pamene njira yochigwirira inayamba kugwira ntchito.

Chimene makina sangathe kubweza ndicho matope. Ruthenium uja mphamvu yake imatsika ndi theka m'chaka chimodzi chabe, caesium m'zaka 30, koma plutonium-239 amafuna zaka 24,000. Ndipo iyeyu pamodzi ndi americium anakakamira ku matope a pansi pa nyanja ndi a pamathiriro a mitsinje ku Ravenglass, kumene mafunde amawavundula pang'onopang'ono, kotero kuti woyeza cheza ayenera kufunsanso maola amene wokumba nyambo kapena wokonza bwato amakhala pamatopepo. Kawerengedwe ka zaka zaposachedwa kamasonyeza kuti ngakhale akudya nkhono kopambana salandira muyeso wofika pa malire a lamulo aja; ndiponso gawo lalikulu la chimene amalandiracho silichokera ku Sellafield konse, koma ndi polonium-210 wotsalira kuchokera ku fakitale ina ya ku Whitehaven, imene inkagaya miyala ya phosphate yopangira sopo waufa ndi kutayira zotsala zake m'nyanja yomweyo.