Kupweteka kwa msana pakati pa akabaza a njinga zamoto ku Dedza: gwero lake ndi zimene zimathandiza

Mbatata ya kachewere imene imagulitsidwa pa Bembeke, m'mphepete mwa msewu wa M1, ina imatsika m'midzi ya m'mapiri itamangidwa pa njinga zamoto. Njinga zomwezo zimanyamula odwala, ana a sukulu ndi amalonda opita ku Lobi, ku Mayani kapena kuchipata cha malire a Mozambique. Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera panyanja yamchere, ndipo misewu yambiri yopatuka pa phula ndi yamiyala ndi zitunda. M'chilimwe imadzaza mabampu, m'dzinja imakumbika ndi madzi.

Nkhani ya akabaza ikamakambidwa, zimamveka kwambiri ndi ngozi, zipewa ndi ziphaso. Koma palinso vuto lina losatulutsa magazi limene limadya munthu mwakachetechete: kupweteka kwa msana wa m'munsi, cha m'chiuno. Kwa mnyamata woyendetsa njinga ya mwini, amene amayenera kupereka ndalama madzulo alionse, tsiku logona ndi msana ndi tsiku la ngongole. Masiku otero akachuluka, njinga imapatsidwa wina.

Kukula kwa vutoli

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO likuti mu 2020 anthu 619 miliyoni anali ndi ululu wa msana wa m'munsi, ndipo chiwerengerochi chikhoza kufika 843 miliyoni pofika 2050. Palibe vuto lina limene limalepheretsa anthu ambiri kugwira ntchito zawo kuposa limeneli. Kuno ku Africa, Linzette Morris ndi anzake a ku yunivesite ya Stellenbosch anasonkhanitsa kafukufuku wa m'mayiko osiyanasiyana mu 2018, ndipo anapeza kuti pa anthu 100 alionse, 39 anali ndi ululuwu pa nthawi imene ankafunsidwa, pamene 57 anali ataumvapo m'chaka chimenecho.

Pa odwala msana 10 alionse, pafupifupi 9 sapezeka ndi fupa lothyoka kapena matenda ena odziwika. Ululu wawo umachokera m'minofu, m'mfundo ndi m'minyewa imene yatopetsedwa. Akabaza ambiri ali m'gulu limeneli.

Zimene njinga imachita ku msana

Msana wa m'munsi uli ndi mafupa 5 osanjikizana. Pakati pa fupa ndi fupa pali kanyama kofewa kokhala ndi madzi, kamene kamagwira ntchito ngati nkhata pansi pa mtsuko. M'mbali mwake muli minofu yogwiriziza mafupawo kuti asapendeke. Ntchito ya kabaza imavutitsa ziwalo zimenezi m'njira zitatu.

Yoyamba ndi kugwedezeka. Thupi la munthu amene wakhala pansi limagwedezeka kwambiri chishalo chikamanjanja ka 4 mpaka ka 8 pa sekondi, ndipo msewu wa mabampu umabweretsa kunjanja kotereku. Minofu imakungana ndi kumasuka mosalekeza mpaka kutopa. Ikatopa, tayala likagwera m'dzenje mphamvu yonse imafikira pa mafupa ndi pa nkhata zija.

Mayiko a European Union anakhazikitsa lamulo mu 2002 loika malire a kugwedezeka kumene wantchito angalandire pa maola 8. Kawerengedwe kake kali ndi phunziro kwa akabaza: kugwedezeka kukakula kawiri, zimafanana ndi kuchulukitsa nthawi kanayi. Ola limodzi lothamanga pa msewu woipa likhoza kufanana ndi maola 4 oyenda modekha pa msewu womwewo, ngati liwirolo likuwirikiza kugwedezeka. Choncho munthu amene sangathe kuchepetsa maola a ntchito angathebe kuteteza msana wake pochepetsa liwiro pamalo oipa.

Yachiwiri ndi kakhalidwe pa chishalo. Njinga ikanyamula anthu awiri kapena matumba, woyendetsa amakankhidwira kutsogolo mpaka kukhala pa thanki, mawondo atapindika, msana utakhota ngati uta. Potsika zitunda monga za ku Khwekhwerere, pa msewu wopita ku Golomoti, katundu yense amatsamira kwa iye. Msana wokhota sulandira bwino mabampu. M'miyezi ya June ndi July, pamene Dedza amazizira kwambiri, minofu imayamba ntchito ili yokungika kale.

Yachitatu ndi kunyamula. Wakabaza ndiye amakweza ndi kutsitsa thumba la makilogalamu 50 kapena kuposerapo, kawirikawiri atangotsika kumene pa njinga. Mu 1999, Hans-Joachim Wilke ndi anzake ku Germany anayeza mphamvu yopanikiza nkhata ya msana wa munthu wamoyo. Pokweza katundu wa makilogalamu 20 chowerama, kupanikizako kunali kopitirira kanayi poyerekeza ndi pamene munthuyo anangoima. Atagwira katundu yemweyo pafupi ndi thupi, kunali pafupifupi kawiri kokha.

Zimene zimathandiza

Pa njinga penipeni pali zinthu zosafuna ndalama zambiri. Matayala asapopedwe kupitirira muyezo umene opanga analemba, chifukwa tayala lolimba ngati mwala limatumiza bampu lililonse ku msana. Masipuling'i akumbuyo akatha mphamvu kapena akayamba kudontha oyilo asinthidwe, ndipo chishalo chimene siponji yake yaphwa chikonzedwe. Mahandulo akhale poti manja akufika zigongono zitapindika pang'ono. Poyandikira dzenje, woyendetsa achepetse liwiro ndi kudzutsa thupi pang'ono, kulemera kukhale pa mapazi, kuti mawondo alandire kugundako.

Nthawi yodikira makasitomala pa siteji ndi mpata wopumitsa msana. Ambiri amadikira atakhalabe pa chishalo, motero msana umakhala wopindika kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Kutsika, kuyendayenda mphindi zingapo ndi kudziwongola manja ali m'chiuno kumapumitsa minofu. Pambuyo pa ulendo wautali, ndi bwino kuyamba waima ndi kuyenda pang'ono asanagwire thumba, kenako kulinyamula anthu awiri, mawondo atapinda, thumbalo lili pafupi ndi thupi.

Ululu ukayamba, anthu ambiri amaganiza zogona pa mphasa mpaka utatha. Kafukufuku wasonyeza kuti kugona masiku ambiri kumachedwetsa kuchira. Wodwala apitirize kuyenda ndi kugwira ntchito zopepuka, achepetse maulendo a misewu yoipa ndi a katundu wolemera kwa masiku angapo, ndipo athowe pamalo popwetekapo ndi nsalu yofunda. Ambiri amapeza bwino pasanathe masabata 6.

Ululu ukapitirira miyezi itatu umatchedwa wa mgonagona. Malangizo amene WHO inatulutsa mu December 2023 okhudza ululu wotere amalimbikitsa kuphunzitsa wodwala za vuto lake, masewero olimbitsa thupi otsatira ndondomeko, kusisita, ndi uphungu wothandiza kuthana ndi mantha ndi nkhawa. Malangizowo salimbikitsa malamba omanga m'chiuno, kukoka msana ndi makina, kapena mankhwala amphamvu a gulu la morphine. Masewero osavuta, monga kugona chagada n'kukweza chiuno mawondo atapinda, kapena kugwada manja ali pansi n'kutambasula dzanja limodzi ndi mwendo wa mbali ina, amalimbitsa minofu yogwira msana akamachitidwa masiku ambiri pa sabata.

Chenjezo pa mankhwala

Mankhwala monga ibuprofen, diclofenac ndi Indocid amachepetsa ululu, koma ndi oyenera kumwa masiku ochepa okha, munthu atadya. Kuwamwa tsiku ndi tsiku kuti ntchito iyende kumayambitsa zilonda za m'mimba ndi kuwononga impso, makamaka akaphatikizidwa awiri nthawi imodzi kapena ndi mowa. Anthu a kuthamanga kwa magazi, a shuga, ndi amene akumwa ma ARV okhala ndi tenofovir afunse kaye kuchipatala asanayambe kumwa. Kutemera mphini pa msana sikufika pa minofu yotopayo, ndipo lezala logwiritsidwa ntchito pa anthu angapo limafalitsa matenda.

Zizindikiro zosafunika kuzengereza

Pali odwala ochepa amene ululu wawo ndi chizindikiro cha vuto lalikulu. Munthu apite kuchipatala tsiku lomwelo ngati akulephera kukodza, kapena mkodzo ndi chimbudzi zikungotuluka zokha. Ngati wachita dzanzi kumaliseche ndi pakati pa ntchafu. Ngati miyendo ikufooka kapena phazi likukwakwaza pansi. Kapena ngati ululu wayamba atagwa pa njinga. Zimenezi zikhoza kutanthauza kuti mitsempha yapanikizika kapena fupa lathyoka, ndipo kuchedwa kungalumalitse munthu moyo wake wonse.

Ululu umene ukukulirakulira, wosaleka ngakhale usiku, wobwera limodzi ndi kutentha thupi, thukuta la usiku kapena kuwonda, ufunika kuyezedwa msanga. M'Malawi, TB ya m'mafupa a msana ndi imodzi mwa nthenda zoyamba kuganiziridwa, makamaka kwa amene ali ndi HIV, ndipo imachizika ikapezeka msanga. Chipatala cha boma cha Dedza chimaona odwala otere ndipo chimatumiza ofunika akatswiri ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Kwa amene alibe zizindikiro zimenezi, kujambula msana nthawi zambiri sikusintha chithandizo.

Kwa ogwira ntchito zaumoyo, funso loyamba kwa mnyamata wodandaula msana likhale la ntchito yake: amayenda maola angati, misewu yake ndi iti, amanyamula chiyani, ndipo wamwa kale mapilitsi angati sabata imeneyo. Mayankho ake ndiwo amasonyeza poyambira. Magulu a akabaza amakumana kale pa masiteji awo, ndipo alangizi a zaumoyo akhoza kufikitsa uthengawu komweko, eni njinga alipo, popeza kukonza masipuling'i ndi kuika malire a katundu zili m'manja mwa eniakewo.