ILIKI, MBEU YOKONDA MTHUNZI

Mwa zonunkhiritsa zakudya zonse za pa dziko lapansi, nzocepa zimene ziposa iliki pa kukwera mtengo. Iliki ndi dzina la Ciswahili. Amwenye amati elaichi, ndipo Angerezi amati cardamom.

Kwao kwa mbeu imeneyi ndi ku mapiri a Western Ghats, kum'mwera kwa India, kumene kumagwa mvula yambiri. Iliki ndi mbale wace wa jinja. Imamera ngati bango, nitalika kupitirira munthu, ndipo masamba ace ngatali ndi osongoka. Simapirira dzuwa lamphamvu ai, koma imakondwa pansi pa mitengo ikuluikulu, pa nthaka yacinyontho. Maluwa ace samaturuka kunsonga, koma pa timphukira tocokera patsinde penipeni. Maluwawo akayoyoka pamabwera timakoko tobiriwira ta ngondya zitatu, ndipo m'kakoko kamodzi mumakhala tinjere takuda 15 kapena 20. Pfungo lonse liri m'tinjere timeneti.

Kulima iliki ndi nchito yofuna kupirira. Mlimi amadikira zaka 2 kapena 3 asanathyole kanthu. Timakoko sitikhwimira pamodzi monga cimanga, kotero othyola amabwerera m'munda kawirikawiri, nasankha ndi manja kamodzikamodzi, ali cowerama. Akacedwa, kakoko kamang'ambika pouma ndipo pfungo limathawa. Atathyola amatiumitsa m'nyumba yofunditsidwa ndi moto kuti tisataye kubiriwira kwace. Nchito yonseyi ndiyo imakweza mtengo wa iliki.

Amwenye amathira iliki m'tiyi, mumpunga ndi m'ndiwo. Aluya amaithira m'khofi amene amalandira naye mlendo. Aswahili amaisakaniza ndi ufa pokazinga mandazi, ndipo ku Sweden ndi ku Finland amaiika m'mabanzi.

Kuyambira kale asing'anga a ku India amaiyesa mankhwala. Anthu amatafuna tinjere tace atatha kudya kuti m'kamwa mununkhire bwino, ndiponso kuti m'mimba musadzaze mpweya. Koma iliki siciritsa malungo kapena cifuwa cacikuru. Wodwala matenda otere ayenera kupita ku cipatala msanga.

Mbeuyi inafikanso ku maiko akutali. Ca m'ma 1914 Mjeremani wina wolima khofi anaibzala ku Guatemala, ku America wapakati, ndipo dzikolo linasanduka limodzi la maiko olima iliki wambiri koposa. Ku Tanzania imalimidwa m'mapiri a Usambara. Kumeneko alimi ena anasenga tchire la pansi pa nkhalango, nadulanso mitengo yambiri kuti abzale iliki. Poyamba anakolola bwino, koma patapita zaka nthaka inaguga, zokolola zinacepa, ndipo iwo anapita kukatsegula nkhalango yina. Mitengo ndiyo imapatsa iliki mthunzi, cinyontho ndi manyowa a masamba ogwa. Mlimi woidula amadula ndi cuma cace comwe.

MAFUNSO
1. Kodi kwao kwa iliki nkuti?
2. Fotokozani cifukwa cace iliki ndi yokwera mtengo.
3. Chulani zakudya zitatu zimene anthu amathiramo iliki.
4. Ncciani cinacitika ku Usambara mitengo itadulidwa?