Duwa la Hoya ndi chiperoni cha ku Thyolo

Chimene chimapha duwa la Hoya m'nyumba za m'maesiteti a tiyi ku Thyolo kawirikawiri ndi madzi ochuluka. Chomera choyangachi, cha masamba okhuthala onyezimira ngati opakidwa phula, kwawo ndi ku Asia ndi Australia, kumene chimakangamira pamakungwa a mitengo, mizu ikupitidwa mphepo. Masambawo amadzisungira madzi. N'chifukwa chake chimafuna kamphika kobooka pansi, kodzaza makungwa ndi makala, dothi pang'ono chabe, pawindo lowala koma losafika dzuwa lamasana.

Wina angafunse kuti, tiyi wa ku esiteti ya Satemwa amakondwa ndi mvula, nanga duwali lilekerenji? Mizu ya tiyi imazama m'katondo wa pamtsetse pomwe madzi amatsika, pamene mumphika amaima. Nthawi yoopsa ndi June ndi July, chiperoni chikakuta mapiri. Dothi siliuma msanga, mizu imawola, masamba amachita chikasu, mwiniwake n'kuthiriranso poyesa kuti ndi ludzu. Pisani kaye chala m'dothi, ndipo mukamva chinyontho dikirani. Maluwa akafota musadule kaphesi kake, pakuti ena adzaphukiranso pomwepo.